Kumene Achemwali Ankazula Bowa

Alamu anga a Sumbin anathera moyo wawo wonse akusuzumira kumatako kwa tiudzudzu, ndipo mwezi ukatha ankalandira malipiro. Ndikatero anthu amaseka, koma sindikuwanamizira. Kumtunda kwa mudzi wathu, pamene msewu umathera n'kuyamba nkhalango ya phiri la Kinabalu, pali nyumba ya matabwa ya anthu ofufuza za tizilombo. A Sumbin analowa pamenepo atangokwatira kumene achemwali anga a Rinjim. Ntchito yawo inali kusenza katundu wa alendo ndi kuwalambulira njira ndi chikwanje, poti sukulu anailekera panjira. Tsiku lina pulofesa wina wokalamba anawauza kuti aike diso pa makina okulitsa tinthu tating'ono, mwina pongofuna kuwadabwitsa. Kuyambira tsiku limenelo achemwali anga anakhala ngati akwatiwa pamitala.

Ntchito yake inkayenda chonchi. M'nkhalango amatchera maneti ooneka ngati timatenti. Kachilombo kakagunda neti kamakwera m'mwamba kufuna kuwala, n'kugwera m'botolo la sipiriti. Lolemba lililonse a Sumbin ankazungulira misamphayo n'kutsika ndi mabotolo odzaza ndi zinthu zakuda bii ngati masese. Masiku otsalawo ankathira pang'onopang'ono m'kambale n'kumasankha ndi kaburashi. Agulugufe, mavu ndi zina zooneka bwino ankangozikankhira pambali. Mtima wawo unali pa tiudzudzu ta bowa, tija tosaluma munthu, timene mphutsi zake zimakulira m'bowa ndi m'zipika zowola. Kwa ine tonseto n'timodzimodzi. Kwa iwo inali mitundu mazanamazana, uliwonse ndi nkhope yake.

Ankasiyanitsa poona mitsempha ya m'phiko, tinyanga ndi timinga ta m'miyendo. Koma mlandu weniweni, ankatero, umagamulidwa kumchira kwa kakamuna. Kumeneko kuli timbedza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi timbedza takeake. Tatikazi timafanana kwambiri moti akatswiri sapereka dzina latsopano asanaone kakamuna.

"Kakakazi sikaulula dzina lake, alamu," anandiuza tsiku lina tikudya.

"Si kuti inuyo simudziwa kufunsa?" ndinatero. Achemwali anaseka mpaka mpunga unawatsamwa, koma amuna awo sanamve n'komwe kuti ndawalasa.

Lamulo lawo lalikulu linali la kapepala. Kabotolo kalikonse kazikhala ndi kapepala m'kati, kolembedwa ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka m'sipiriti. Pakapepalapo pazikhala tsiku, malo, ndi dzina la wotola. Kachilombo kopanda malo, kwa iwo, kanali zinyalala. Ndinawaonapo akutaya botolo lathunthu, ntchito ya sabata yonse, chifukwa mlendo wina anaiwala kulemba kumene analitchera.

Ife a mtundu wa amayi tili ndi lamulo lathunso. Pali bowa wina wofiirira, woterera pamwamba, amene amamera pa zipika mvula ikagwa itakhala kanthawi isanagwe. Pamsika ku Ranau ungamusake mpaka miyendo kuwawa. Malo ake amayi anationetsa ife ana aakazi awiri, monga iwonso anaonetsedwa ndi amayi awo. Mwamuna sauzidwa. Amayi ankati mwamuna akamwa mowa wa mpunga makapu awiri, chinsinsi chimasanduka nyimbo.

Achemwali anabereka mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene atangokula anapita kukagwira ntchito m'madoko a ku Johor. Analibe woti amusiyire malowo. Ndiye anandiululira tsiku lina tikupeta mpunga kuti aganiza zophwanya lamulo la amayi, akawaonetse amuna awo.

"Bowa amamufuna kuti?" ndinawafunsa. "Amadya osadziwa n'chimene chili m'mbale."

"Si za bowa, iwe," anayankha. "Ndikungofuna tikayende awiri tsiku limodzi. Anthu a ku Ulaya ayenda nawo phiri lonseli. Ine sindinayendepo nawo ngakhale kukafika pamtsinje."

Anawapempha katatu, zaka zitatu zosiyana. Tsoka lake, nthawi ziwiri bowa anatuluka tsiku la misampha, ndipo yankho linali limodzi: "Lero ayi, Rinjim, lero ndi Lolemba, kuli mabotolo." Kachitatu sanali Lolemba, koma kunali alendo. Achemwali sanapemphenso. Sanali munthu wolongolola ngati ine.

Chaka chimene anadwala, anatsika kubowa ali ndi dengu lodzaza, thupi lili moto. Anaika dengu pakona ya khitchini, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi, n'kukagona. Mawa lake tinawatengera kuchipatala, kumene anakhala masabata awiri, ndipo madokotala atatiitanira pambali tinabwera nawo kunyumba. Za dengu panalibe anakumbukira. Masana ena ndikuwapukuta achemwali kumaso, anapempha madzi. Nditalowa kukhitchini ndinapeza a Sumbin ataima pawindo, kachubu kawo kokokera tizilombo kali pakamwa, akuwakha tiudzudzu timene tinkatuluka m'bowa wowola uja. Nkhope yawo inali kuwala ngati munthu amene watola ndalama panjira.

"Alamu, taonani! Mapiko ake ali ndi mizere iwiri yakuda. Sindinaonepo!"

Ndinanyamula dengulo ndi mphutsi zake zonse n'kukaliponya mumtsinje. Achemwali anatisiya patapita masiku anayi.

Sindikunena kuti sanalire. Analira, ndipo anawonda mpaka lamba anamuboolanso. Koma maliro atatha, anthu atabalalika, anabwera kwathu n'kukhala pamasitepe, chipewa chili pabondo. Anati pa tiudzudzu tija anagwira tisanu ndi tiwiri, ndipo tonse n'tatikazi. Anati pakapepala alemba tsiku, koma pa malo asiya posalemba, poti khitchini si kwawo kwa kachilombo.

"Alamu, bowa uja Rinjim ankamuzula kuti?"

Magazi anandithamangira kumutu. "Manda sanaume, inu mwabwerera udzudzu? Anakuitanani katatu! Katatu, a Sumbin! Pitani mukawafunse eni ake, mukudziwa pamene agona."

Anavala chipewa n'kupita. Chaka chotsatira anafunsanso, mvula ya bowa itagwa, ndipo ndinawauza kuti safunsa anadya phula, akanafunsa eni ake ali moyo. Anafunsanso chaka chinacho. Kenako analeka, n'kuyamba kusaka okha. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anasuntha misampha yawo phiri lonse, kukwera mpaka kumene mitengo imafupika ndi kuvala ndere, kutsika m'zigwa zimene alenje amaziopa. Anapeza mitundu ina yambiri, ndipo akatswiri anaipatsa mayina m'mabuku awo. Ka mizere iwiri sikanagwe m'botolo ngakhale kamodzi. Ine ndinkaona zonsezi ndili pakhonde langa, ndipo ndisabise, mtima wanga unkati zikomo.

Nyumba yawo inazizira. Ankaphika mpunga m'mawa n'kudya womwewo madzulo ndi kansomba kouma, ali chiimire. Mwana ankaimba foni kamodzi pamwezi, n'kukamba za mvula. Pamsika ana ankawatcha Agogo Udzudzu, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati ndilo dzina lawo la ubatizo. Mayi wosesa kunyumba ya ofufuza anandiuza kuti m'mawa uliwonse a Sumbin amayamba atsegula kabati, kutulutsa kabotolo ka tisanu ndi tiwiri tija, kuona ngati sipiriti sanatsike, ndipo nthawi zina amakalankhula.

"Amati chiyani?" ndinafunsa.

"Kaya. Zonga za mwana wawo, za denga likudontha. Nkhani za m'nyumba basi."

Ndinati munthu amene sanalankhule ndi mkazi wake ali moyo wayamba kucheza ndi botolo, koma usiku wake chakudya sichinanditsike bwino.

Inenso zinthu sizinandiyendere. Amuna anga anamwalira. Ana anga aakazi awiri ali m'tauni, amagula bowa woyera wa m'mapepala apulasitiki, ndipo nditamuuza wamkulu kuti abwere ndidzamuonetse malo a agogo ake, anati: "Amayi, kuli misundu kumeneko, mungondijambulira pafoni." Ndinayamba kupita ndekha, mawondo akulira. Ndinkazula, kubwera, kuphika, kudya ndekha. Bowa wodya wekha sakoma, ngakhale uthire tsabola wotani.

Amene amayang'anira nyumba ya ofufuza masiku ano ndi Dokotala Hazwani, mayi wachitsikana wa ku Sandakan, amene amakonda kudzagula ndiwo zanga zoviika mumchere. Tsiku lina anakhala pansi osafulumira kupita.

"Amayi, maso a bambo Sumbin atha," anatero. "Si ng'ala yokha, kuli vuto lina m'kati limene achipatala alephera. Sabata yatha anadzaza kabotolo ndi tizidutswa ta masamba, n'kulembera kapepala bwinobwino. Tikumabwereza ntchito yawo iwo atapita, kuti asadziwe. Chaka chikatha apuma, ndipo mabotolo onse akupita kumzinda."

"Nanga kabotolo kawo kaja?"

"Kakalowa m'kabati ya topanda mayina. Muli zikwizikwi m'menemo, palibe amatsegulako. Ine ndikukhulupirira kuti ndi mtundu watsopano, koma popanda kakamuna ndi malo, manja anga ndi omangika."

Ndinamukulungira ndiwo zake n'kumuuza kuti udzudzu si mbale wanga. Koma atapita ndinakhala ndikuganiza za tatikazi tisanu ndi tiwiri, totsekeredwa mumdima ndi kapepala kosanena kwawo. Chimene chinandilasa n'chakuti dengu lija linali lomaliza limene achemwali anasenza. Zovala zawo tinagawana, mbale zinasweka, munda unamera tchire. Chinatsala cha ulendo wawo womaliza chinali m'kabotolo kameneko, ndipo wochisamala anali munthu amene ndinkamuda.

Mvula inagwa Loweruka patatha masabata atatu a dzuwa. Lolemba m'mawa ndinaberekera dengu kumsana n'kukaima pachipata chawo. Ndinawapeza akumanga nsapato mofufuza ndi zala.

"Ndani?"

"Ndine, mwafika posazindikira alamu anu? Tiyeni."

"Kuti?"

"Kumene munakana kupita katatu."

Anasiya kumanga, chingwe cha nsapato chili m'manja. Kenako anati, mwachizolowezi chabe, "Lero ndi Lolemba, kuli mabo..."

"Malizani mawuwo muone," ndinatero. "Ndibwerera pompano, ndipo ndidzafa nawo malowo."

Sanamalize. Anagwira chingwe cha dengu langa kumbuyo, n'kumanditsatira ngati njati yoweta yopita kudambo. Sitinalowere njira ya kuphiri. Tinadutsa kuseri kwa nyumba yawo yomwe, m'munda wakale wa mpunga wa achemwali, kutsata paipi ya madzi, n'kutsetserekera m'kachigwa ka nsungwi. Ulendo wake sukwana nthawi yophikira mpunga. M'munsimo muli mitengo ikuluikulu ingapo imene makolo sanaidule, ndi zipika zogwa kalekale. Bowa anali mbwee.

"Tapuma?" anafunsa nditaima.

"Tafika."

"Pano?" Anatembenuza mutu uku ndi uku, akumvetsera. Tambala wa kunyumba kwawo ankamveka bwinobwino. "Pano sindinatcherepo. Ndinkati ndi tchire la kumudzi, si nkhalango yeniyeni."

"Eya. Inu zenizeni mumazifuna kutali."

Ndinawagwira dzanja n'kuwakhazika pamwala wafulati pansi pa mtengo. Pali miyala iwiri pamenepo, yoyandikana. Umodzi ndi wakale, pamene achemwali ankakhala akamatafuna masamba awo atatha kuzula. Winawo anaugubuduza okha kuchokera kumtsinje, chaka chimene anawapempha koyamba, ndipo anathyoka nawo chikhadabo.

"Mwakhalapowo ndi wanu," ndinawauza. "Anakukonzerani. Wakhala ukukudikirani zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi."

Ndinali nditasunga mawu amenewa nthawi yonseyi ngati mpeni wonola, ndipo ndinkaganiza kuti ndikadzawalankhula mtima udzapepuka. Sunapepuke. A Sumbin anasisita mwalawo ndi zikhato zonse ziwiri, m'mbali ndi pansi, monga amachitira ndi chinthu chimene akufuna kuchidziwa bwino. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza mwala winawo. Ine ndinapita kukazula bowa kuseri kwa chipika, n'kukhalako nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna.

Anandiuza kuti ndisankhe bowa wokalamba, wobooka ndi mphutsi, amene masiku onse ndimataya. Tinamuika m'mabotolo aakulu a jamu, pansi titathira mchenga wonyowa, pakamwa titamanga kansalu. Mabotolowo anakhala pakhonde langa, poti iwo sakanaona kanthu kakatuluka. M'mawa uliwonse ankabwera ndi ndodo yawo.

"Alamu, kwatuluka?"

"Kwatuluka fungo. Nyumba yanga mwaisandutsa dzala."

Ndinkawapatsa khofi ndi chinangwa. Ankadya atakhala pansi, zimene ndikukhulupirira anali ataziiwala. Tsiku lakhumi ndi chitatu ndinapeza tinthu takuda tikuyendayenda kunsi kwa kansalu. Tinalipo makumi awiri ndi tinayi, kapena tisanu, sindinawerenge bwino chifukwa cha chimwemwe. Ndinadzipsera mtima. Nkhalamba yonse ine kusangalalira udzudzu!

Tinakwera nato kunyumba ya ofufuza. Dokotala Hazwani anali atapita kumzinda sabata imeneyo, ndipo a Sumbin anati sangadikire. Anathira sipiriti m'kambale osataya ngakhale dontho, anayatsa nyale ya makina, anaika diso. Anapotokola kachitsulo ka m'mbali, kupita kutsogolo, kubwerera. Anapukuta galasi ndi malaya, n'kuyesa diso linalo. Kenako anadzuka pampando.

"Ndikuona nkhungu yokha. Khalani apa, alamu."

"Ine? Mukundituma kandimverere, ndikakuuzani za m'maluwa."

"Khalani. Musatsinzine diso linalo, onse awiri atsegule. Mukuona chiyani?"

Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenako, mwadzidzidzi, chinthu chinabwera pafupi mpaka ndinadzidzimuka. Chinali ndi maso aakulu ngati zipatso, miyendo yaitali ya minga, ndi phiko loonekera ngati galasi, lonyezimira mitundu ya utawaleza, mizere iwiri yakuda itadutsa pakati. Zaka zonsezi ndinkatipha ndi chikhato pamphika osadziwa kuti tavala chonchi. Ndinafuna kunena kuti n'kokongola, koma ndinadzigwira.

"Mizere ilipo," ndinatero. "Iwiri."

"Pitani kumchira. Kankhani ndi kaburashi, pang'ono, musakathyole. Kwasongoka?"

"Kwasongoka ngati singano."

"Kakakazi. Kena."

Kachiwiri kanali chimodzimodzi, kachitatunso. Pofika pa kachisanu ndi kamodzi a Sumbin anali atasiya kufunsa, akungopuma pamutu panga. Ndinakankhira pakati kena kochepa thupi kuposa tinzake.

"Aka n'kosiyana. Kumchira kwake kuli ngati nkhanu yatukula manja."

"Manja angati?"

"Awiri. Opindikira m'kati ngati zikwakwa."

"Kunsonga kwake kuli chiyani? Onetsetsani, alamu, chonde."

"Kuli timano takuda. Titatu mbali iyi, titatu mbali iyo. Ndi tindevu m'munsi, ngati ta mbuzi. Ndiye zimenezi ndi zimene mwakhala mukuyang'ana zaka zonsezi, osachita manyazi?"

Sanaseke. Anafufuza mpando wina n'kukhala, manja ali pamaondo. "Titatu," anatero. "Onse amene ndikuwadziwa ali ndi limodzi kapena awiri. Ndi kakamuna kake. Rinjim, ndi kakamuna kake." Misozi inkatsika m'maso aja osaona, iwo osaipukuta.

Patapita kanthawi anatsegula kabati, n'kutenga kabotolo kakale kaja osaphonya, n'kusolola kapepala ndi kachitsulo kopanira. Anakayanika pa nsalu kuti kaume. Anandipatsa pensulo yosongoka, poti iwo zilembo zazing'ono sangathenso. Malo aja anali adakali posalemba. Ndinaganiza za amayi, ndi amayi awo, ndi za anthu a kumaiko akutali amene adzawerenge kumene bowa wathu amamera. Koma ndinalibe mwana woti ndimuonetse, ndipo chinsinsi chimene mwini wake watsala yekha chimapita naye kumanda. Ndinalemba: kachigwa ka nsungwi, kumunsi kwa paipi ya madzi.

"Pansi pake palembedwa chiyani?" anafunsa.

"Wotola: Sumbin."

"Fufutani. Ine ndinangoima pawindo. Amene anasenza dengu ndi Rinjim."

Ndinafufuta ndi kalabala n'kulemba dzina la achemwali. Aka kanali koyamba kuti dzina lawo lilowe m'nyumba imene inawalanda mwamuna.

Dokotala Hazwani atabwera n'kuona, anati ntchito yopereka dzina imatenga chaka kapena ziwiri, ndipo idzatuluka m'buku la chizungu. A Sumbin sadzatha kuliwerenga, inenso chizungu changa n'cha pamsika. Mabotolo anapita kumzinda pa lole, iwo anapuma ntchito, ndipo madzi akatayika saoleka. Sindinganene kuti ndinawakhululukira zonse. Masiku ena ndikawaona mtima umabwadamukabe.

Koma Lolemba lililonse ndimamva ndodo ikugogoda pachipata changa.

"Alamu, lero kulibe mabotolo."

"Ndiye ndikuvinireni?"

Ndimatenga dengu, kaya ndi nyengo ya bowa kaya ayi, iwo n'kugwira chingwe kumbuyo. Tikafika amafufuza mwala wawo n'kukhala. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndikhale pa winawo, mawondo anga angapume. Ndinakana. Ndimayala masamba n'kukhala pansi chapatali pang'ono, ndipo mwala wa achemwali umakhala wopanda munthu.